Mbiri ya Chiwembu cha 1959, ndi Mmene Inayesedwera

Liwu lakuti mbiri m'chinenero chathu lisenza akatundu atatu. Titi mbiri ponena za zinthu zimene zinachitika kale, monga mbiri ya Amaravi kapena ya Angoni. Titinso mbiri ponena za kutchuka kwa munthu, kuti uje ali ndi mbiri yabwino. Ndiponso titi mbiri ponena za mawu ongomveka m'mudzi, opanda mwini wake, monga pamene anthu anong'onezana kuti kwamveka mbiri ya nkhondo. Makolo athu sanalakwe pomanga zitatuzi m'mtolo umodzi, pakuti zonse ziyenda pakamwa pa anthu, ndipo kawirikawiri mphekesera ya lero ndiyo isanduka mbiri ya m'buku mawa, ngati palibe munthu woiimitsa panjira ndi kuifunsa kumene ichokera. Mphunzitsi ndiye mmodzi wa anthu oyenera kuima panjirapo.

Masiku ano nkhani za ndale zifika kwa ife pa lamya ya m'manja, kudzera pa intaneti, ndipo zambiri mwa izo zilembedwa ndi anthu amene ali ndi mbali pa mkangano. Ena ayesa kuti vutoli ndi latsopano. Komatu dziko lathu linakomana nalo kale, pa nthawi imene nkhani ya mbali imodzi inamangitsa anthu ndi kuphimba imfa za ena. Nkhaniyo ndiyo ya chiwembu chimene Boma la Angerezi linati a Congress anapangana m'chaka cha 1959. Tiyeni tiilondole, tione mmene inabadwira, mmene inafalira, ndi mmene anthu ofatsa anaiyesera.

Dziko mmene linalili

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa m'chaka cha 1953, eni dziko lino asanavomere. Mafumu ambiri pamodzi ndi atsogoleri a Nyasaland African Congress anachikana, poopa kuti ulamuliro udzachoka m'manja mwa Boma la ku London ndi kugwa m'manja mwa Azungu okhazikika ku Southern Rhodesia, kumene abale athu ambiri anagwirako ntchito naona ndi maso awo malamulo a tsankho. Pa 6 Julayi 1958 Dr. Hastings Kamuzu Banda anatera pa Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo anayendera maboma onse nachititsa misonkhano ya makamu a anthu. Pofika kumayambiriro a 1959 dziko linali litatentha ndithu.

Nanga anthu ankamva kuti nkhani za zonsezi? Ku Blantyre kunali nyuzipepala ya Chingerezi yotchedwa Nyasaland Times, imene inayamba m'chaka cha 1895 ndi dzina lakuti Central African Planter. Iyo inali liwu la Azungu a minda ya tiyi ndi fodya pamodzi ndi amalonda, ndipo inaima kumbali ya Chitaganya. Boma linali ndi nyuzipepala yakeyake, Msimbi, yolembedwa m'Chinyanja ndi m'zinenero zina. Inalipo inanso, Bwalo la Nyasaland, yosindikizidwa ndi kampani ya ku Salisbury, mzinda umene lero utchedwa Harare. Wailesi nayo inali m'manja mwa Boma la Chitaganya. A Congress anadalira misonkhano, timapepala toyenda m'manja, ndi pakamwa pa anthu. Chotero munthu wa kumudzi anali pakati pa ng'oma ziwiri, iliyonse ikulira nyimbo ya mwini wake, ndipo panalibe ng'oma yachitatu yoti aifunse.

Msonkhano wa m'tchire

Kumapeto a Januwale 1959 nthumwi za Congress zinasonkhana ku Blantyre. Pa 25 Januwale zinachita msonkhano wina wamseri m'tchire, kutali ndi maso a apolisi. Dr. Banda sanali pa msonkhano umenewu. Atsogoleri achinyamata, monga Henry Masauko Chipembere ndi Dunduzu Chisiza, ndiwo anali patsogolo, ndipo funso lalikulu linali lakuti chipani chidzachitenji ngati Boma limanga Dr. Banda.

M'mwezi wa Febuluwale apolisi a nthambi yofufuza zachinsinsi anapereka kwa Bwanamkubwa, Sir Robert Armitage, mbiri yoopsa. Iwo anati pa msonkhanowo anapangana kuti tsiku limene Dr. Banda adzamangidwa, anthu adzadula mawaya a lamya, adzagumula milatho, ndipo adzapha Bwanamkubwa, mabwana a maboma, akulu a polisi, Azungu ena pamodzi ndi akazi ndi ana awo, Amwenye, ndiponso Afirika ogwirizana ndi Boma. Tsono apa ndipo pali mfundo ya nkhani yonse: apolisiwo sanali pa msonkhanopo. Zimene analemba anazimva kwa akazitape, ndipo ambiri mwa akazitapewo nawonso sanalipo, koma anangomva kwa ena. Mbiri inayenda pakamwa pa anthu angapo isanafike pa pepala, ndipo pepalalo litadindidwa chidindo cha Boma linaoneka ngati umboni wolimba.

M'masabata omwewo zipolowe zinabuka m'malo ena, makamaka kumpoto, ku Karonga ndi ku Fort Hill kumene lero titi Chitipa. Asilikali a Chitaganya anatumizidwa kuno kuchokera ku Southern Rhodesia. Munthu amene ali kale ndi mantha savuta kumkhulupiritsa. Chitsa chimene achiona usiku achiyesa fisi.

Tsiku la 3 Malichi

M'bandakucha wa pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa analengeza lamulo la Emergency, ndilo lamulo lopatsa Boma mphamvu ya kumanga munthu popanda kumzenga mlandu. Congress inaletsedwa. Dr. Banda anagwidwa kunyumba kwake ku Limbe natengedwa pa ndege kunka ku ndende ya ku Gwelo, kumene lero ndi Gweru. Ena anatsekeredwa ku Khami pafupi ndi Bulawayo, ndi ena ku Kanjedza ku Limbe. Onse omangidwa popanda mlandu m'nthawi imeneyo anaposa 1,300. Ku Nkhata Bay khamu la anthu linasonkhana padoko pofuna abale awo amene anaikidwa m'sitima ya Mpasa, ndipo asilikali anawaombera. Ofufuza a nthawi imeneyo anawerenga anthu 20 amene anafa pamenepo, koma eni dera atchula chiwerengero choposa apo. M'dziko lonse Afirika 51 anaphedwa monga mwa kuwerenga kwa Boma. Ndicho chifukwa chake tsikuli tilikumbukira chaka ndi chaka.

Polengeza lamuloli Bwanamkubwa sanatchule za chiwembu cha kupha. Mbiriyo inatulukira poyera ku London, m'Nyumba ya Malamulo ya Britain, tsiku lomwelo. Aphungu otsutsa Boma anafunsa chifukwa chimene anthu anamangidwira, ndipo nduna yoyang'anira maiko a atsamunda, Alan Lennox-Boyd, inayankha kuti a Congress anali kukonza zopulula anthu. Wothandiza wake, Julian Amery, anaonjeza moto pofanizira chiwembucho ndi zimene zinachitika ku Kenya pa nthawi ya Mau Mau. Taonani mmene mbiri ikulira poyenda. Mawu a kazitape amene sanaone kanthu anasanduka lipoti la apolisi. Lipotilo linasanduka mawu a nduna. Mawu a nduna anasanduka mitu ikuluikulu ya nyuzipepala. Pa sitepe iliyonse chikaiko chinachepa ndipo mawu analimba, ngakhale kuti umboni sunaonjezeke ngakhale pang'ono.

Nyuzipepala zinagawikana monga mwa zipani zimene zinazikonda. Zogwirizana ndi Boma la chipani cha Conservative ndi Chitaganya zinalandira mbiriyo, pamene zina, monga Manchester Guardian ndi Observer, zinakaika ndi kufunsa umboni. Kanyama Chiume, amene anali kunja kwa dziko pa nthawiyo napulumuka kumangidwa, anakana mbiriyo ali ku London. Woyera mtima wofuna kudziwa zoona akanawerenga nyuzipepala khumi, koma akanangopeza mbali ziwiri zomwezo zikubwerezedwa. Kuchuluka kwa onena sikuchulukitsa umboni. Anthu zana akatunga pa chitsime chimodzi, madziwo ali amodzi.

Bungwe la Devlin

Popeza mkangano unakula, Boma la Britain linasankha bungwe la anthu anayi kuti lifufuze. Wapampando anali woweruza milandu wa khoti lalikulu, Sir Patrick Devlin, ndipo anzake anali Sir John Primrose, Sir Percy Wyn-Harris ndi E. T. Williams. Iwo anafika kuno mu Epulo 1959 nakhala masabata asanu akuyendayenda. Anamva mboni zoposa 450 imodziimodzi, ndi anthu enanso ambiri m'magulu. Njira imene anagwira ndiyo iyenera kutiphunzitsa, pakuti si yachilendo kwa ife ayi. Ndiyo yomwe ija agwira akulu a pabwalo la nyakwawa.

Poyamba anafunsa za mboni iliyonse ngati inaona ndi maso kapena inangomva. Pabwalo la kwathu munthu akayamba ndi mawu akuti "ndinamva kuti", akulu amdula mawu namuuza kuti akaitane amene anamuuzayo. Ofufuzawa anatsata mbiriyo m'mbuyo kufikira pa akazitape, ndipo anaona kuti maziko ake anali ofooka.

Chachiwiri anamva oimbidwa mlandu. Analankhula ndi Dr. Banda ndi anzake, ndipo omangidwawo analoledwa kukhala ndi owaimira pa milandu. Sanakhulupirire zonse zimene omangidwawo ananena, monganso sanakhulupirire zonse za apolisi. Anayesa mawu a yense ndi mawu a mnzake.

Chachitatu anayesa mbiriyo ndi zimene zinachitikadi. Mbiri inati tsiku limene Dr. Banda adzamangidwa Azungu adzaphedwa. Tsikulo linafika, Dr. Banda anamangidwa, koma palibe Mzungu ngakhale mmodzi amene anaphedwa m'nthawi yonse ya Emergency. Onse amene anafa anali Afirika.

Lipoti lao linatuluka pa 23 Julayi 1959, ndipo silinakondweretse mbali iliyonse kotheratu. Linati chiwembu cha kupulula anthu, monga chinanenedwera ku London, sichinalipo, ndi kuti Dr. Banda sanadziwe za chiwembu chotero. Linati anthu pafupifupi onse a dziko lino anakana Chitaganya kuchokera pansi pa mtima, kumene kunali kutsutsa mawu a Boma akuti okana anali anthu owerengeka osokoneza anzawo. Linadzudzula kutentha nyumba, kumenya anthu ndi kulipiritsa midzi yathunthu, ndipo linanena kuti pa nthawiyo Nyasaland linasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, m'mene munthu sakanalankhula zabwino za Congress popanda mantha. Komanso lipoti lomwelo linati pa msonkhano wa m'tchire panamvekadi mawu a kumenya ndi kupha, kuti atsogoleri ena achinyamata anali atatsamira ku njira ya chiwawa, ndi kuti Bwanamkubwa anali ndi chifukwa chokwanira cholengezera Emergency.

Pano mphunzitsi aime pang'ono. Nkhani ya mbali imodzi kawirikawiri siyamba ndi bodza loyera. Imatola kambewu ka zoona ndi kukafufumitsa kufikira kakwanira zofuna za mwini wake. Mawu aukali ananenedwadi m'tchiremo. Koma mawu aukali a anyamata okwiya ndi kanthu kena, ndipo pangano la kupha akazi ndi ana pa tsiku loikika ndi kanthu kenanso. Amene anati kunali chiwembu anakuza. Amene anati sipanamveke liwu lililonse la chiwawa anachepetsa. Zoona zinali pamalo pake, ndipo anazipeza okhawo amene analola kufatsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mmene lipoti linalandiridwira

Boma la Harold Macmillan silinakondwe. Lipotilo lisanatuluke, linaitanitsa Bwanamkubwa ku Britain, ndipo iye pamodzi ndi nduna ndi akulu ena analemba mwachangu yankho lotsutsa, limene linasindikizidwa tsiku lomwelo limene lipoti la Devlin linatuluka, kuti owerenga alandire ziwirizo pamodzi. Pa 28 Julayi aphungu anakambirana, ndipo Boma linavomereza ndime zokhazo zimene zinaliyeretsa, nilikana zotsalazo. Macmillan mwini wake, m'buku lake la tsiku ndi tsiku limene linadziwika pambuyo pake, anaika chifukwa pa mtundu wa Devlin, pa chipembedzo chimene anakuliramo, ndi pa kukhumudwa kwake posapatsidwa udindo waukulu wa oweruza. Iyi ndi njira yakale ya munthu wogonja pa umboni: asiya nkhani nagwira wonenayo.

Koma zochita za Bomalo zinaulula zimene pakamwa pake panakana. Mu Okutobala 1959 Iain Macleod analowa m'malo mwa Lennox-Boyd. Pa 1 Epulo 1960 Dr. Banda anamasulidwa, ndipo mu Juni chaka chomwecho Emergency inatha. Mu Ogasiti 1961 Malawi Congress Party inapambana chisankho, Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 6 Julayi 1964 dziko linalandira ufulu wodzilamulira. Boma lokhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu anapangana za kupha Bwanamkubwa silikanakhala naye pansi kukambirana za ulamuliro patangopita chaka chimodzi.

Ng'oma itasintha mwini

Kukanakhala kokoma kunena kuti nkhani za mbali imodzi zinapita pamodzi ndi atsamunda, koma mbiri siilola. Malawi Congress Party itabadwa mu Seputembala 1959, inayambitsa nyuzipepala yake, Malawi News, imene Aleke Banda anali mkonzi wake woyamba. M'masiku olimbana ndi Chitaganya iyo inali liwu la anthu osowa polankhulira. Koma mu Seputembala 1964, nduna zitasemphana ndi Dr. Banda, nyuzipepala yomweyo pamodzi ndi wailesi ya Boma zinatembenukira Chipembere, Chiume, Orton Chirwa, Yatuta Chisiza, Augustine Bwanausi, Willie Chokani ndi Rose Chibambo. Anthu amene dzulo lake anatchedwa ngwazi za ufulu anasanduka zigawenga, ndipo kwa zaka zambiri maina awo sanatchulidwe m'kalasi. M'chaka cha 1968 kunakhazikitsidwa lamulo loyang'anira zosindikiza ndi zoonetsa, ndipo kuyambira pamenepo buku kapena nyimbo inayenera kukondweretsa bungwe la Boma isanafike kwa anthu.

Chitsanzo chowawa koposa ndi cha mu Meyi 1983. Nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anafa ku Mwanza, ndipo dziko linauzidwa kuti anafa pa ngozi ya galimoto. Panalibe nyuzipepala kapena wailesi ina m'dziko yoti ifunse amene anaona ngoziyo. Padapita zaka zoposa 10 kufikira bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Michael Mtegha, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1994, linamva mboni ndi kupeza kuti anthuwo anachita kuphedwa ndi apolisi, ndipo galimotoyo inangoikidwa kuti ioneke ngati ngozi. Mlandu utapita ku khoti, Dr. Banda ndi anzake amene anaimbidwa mlandu wa chiwembucho anapezeka osalakwa mu Disembala 1995. Wophunzitsa nkhaniyi anene zonse ziwiri, zimene bungwe linapeza ndi zimene khoti linagamula, osasiya imodzi chifukwa siikoma kumbali imene iye akonda.

Tiona tsono kuti nthendayi si ya Mzungu yekha kapena ya chipani chimodzi. Ili paliponse pamene wonena nkhani ali ndi phindu pa mathero ake, ndipo palibe womfunsa. Anyani asekana zikundu.

Masiku a ng'oma zambiri

Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993 zinatsegula pakamwa pa anthu. Nyuzipepala zinaphuka ngati bowa wa mvula yoyamba, zambiri mwa izo zili ndi mwini wake wandale kumbuyo. Pambuyo pake kunadza mawailesi ambiri, kenaka intaneti, Facebook ndi WhatsApp. Kale vuto linali kuchepa kwa ng'oma. Lero ng'oma zachuluka kotero kuti munthu sadziwa woziimba. Mu 1959 mbiri inatenga masabata kuchoka m'tchire la ku Blantyre kufika ku London, ndipo panjira inadutsa m'manja mwa anthu odziwika maina, amene pambuyo pake anatha kufunsidwa. Lero mbiri yotero izungulira dziko lonse dzuwa lisanalowe, yopanda dzina la wolemba, nthawi zina ili ndi chithunzi chakale cha dziko lina, kapena kalata yokhala ndi chidindo chopeka, kapena mawu ojambulidwa a munthu wosadziwika. Ndipo makina a pa intaneti amaonetsa munthu zambiri zofanana ndi zimene anakonda dzulo, kotero kuti wokonda chipani china amangomva ng'oma ya kwawo nayesa kuti dziko lonse livomereza.

Koma njira ya kuyesa siinasinthe. Chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019 chitatsutsidwa, mbali zonse zinadzaza intaneti ndi mbiri zao. Oweruza asanu a khoti loona za malamulo aakulu a dziko anachita monga anachitira Devlin: anaitana mboni, analola kuti zifunsidwe mafunso ndi mbali zonse, nayang'ana mapepala enieni a zotsatira, ena a iwo ofufutidwa ndi Tipp-Ex. Pa 3 Febuluwale 2020 anagamula kuti chisankhocho chichitikenso. Ndipo kuyambira mu Seputembala 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata za Boma linayamba kugwira ntchito, chinthu chimene makolo athu a 1959 sanachilote.

Phunziro kwa mphunzitsi

Inu amene mukonzekera kukaphunzitsa ana a pulaimale mudzakhala m'midzi m'mene anthu adzabwera kwa inu ndi lamya m'manja, nadzati, "Aphunzitsi, kodi izi n'zoona?" Yankho lanu lidzalemera koposa mmene muganizira. Mbiri ya 1959 ikupatsani mafunso oti muyambe nawo. Kodi wanena nkhaniyi ndani, ndipo dzina lake lidziwika? Kodi anaona yekha, kapena anamva kwa wina, ndipo winayo anamva kwa yani? Kodi wonenayo apindulanji anthu akakhulupirira? Kodi wonenedwayo wapatsidwa mpata wa kuyankha? Kodi enanso amene anena zomwezo anatunga pa chitsime china, kapena onse angobwereza mawu a mmodzi? Kodi zimene zinaloseredwa zinachitikadi? Ndipo funso lovuta koposa ndi ili: kodi ndaikhulupirira chifukwa ili ndi umboni, kapena chifukwa ikoma m'khutu mwanga? Aphungu a Conservative a 1959 sanali opusa. Anakhulupirira msanga chifukwa mbiriyo inapulumutsa Boma lao ku manyazi.

Chinenero chathu chomwe chili ndi zida zothandiza pa ntchitoyi, ndipo phunziro la Chichewa ndiwo malo ake oyenera. Phunzitsani ana kutchera khutu ku mawu obisa mwini nkhani, monga "akuti", "zamveka kuti", "anthu akunena kuti", ndi aneni onga "kwanenedwa" ndi "zadziwika", amene sanena wochitayo. Mwana akamva "akuti", aphunzire kufunsa mwaulemu kuti, "Akutero ndani?" Aphunzitseninso kuona mawu oweruza mlandu usanazengedwe. Khamu la pa Nkhata Bay lingatchedwe anthu ochita zipolowe, lingatchedwenso anthu ofuna abale awo. Munthu mmodzi yemweyo anatchedwa ngwazi mu 1960 ndi chigawenga mu 1965. Liwu limene wolemba asankha liulula pamene waima, angakhale asanene chipani chake.

Ntchito za m'kalasi siziyenera kukhala za ndale za lero ayi. Ana awiri afotokoze mpira umene sukulu yanu inasewera ndi sukulu ina, mmodzi monga wa kwanu, wina monga wa kwa anzanuwo, ndipo kalasi lipatule zimene onse avomerezana, monga zigoli, ndi zimene ali maganizo chabe. Ana a makalasi apamwamba akafunse agogo awo za chinthu chimodzi chakale, monga njala ya 1949 kapena riferendamu ya 1993, nalembe m'mizere iwiri: zimene agogo anaona okha, ndi zimene anamva kwa ena. Mwana wozolowera kupatula ziwirizi ali wamng'ono sadzatengeka msanga atakula. Safunsa anadya phula.

Chenjezo lina ndi ili: kufunsa umboni sikutanthauza kukana zonse. Munthu wonena kuti onse ndi abodza ali waulesi monga wokhulupirira zonse, pakuti onse awiri athawa ntchito ya kufufuza. Devlin sananene kuti apolisi ndi a Congress onse anama, tsono palibe chodziwika. Anafufuza napeza kuti ichi chinachitika, icho sichinachitike, nachinena poyera ngakhale chinakwiyitsa Boma limene linamtuma. Mphunzitsi naye ali ndi ufulu wa kukonda chipani mumtima mwake ndi kuchivotera, koma pa bolodi ayenera kuyesa nkhani ya chipani chake ndi muyeso womwewo umene ayesera nkhani ya chipani cha mnzake. Ana aona msanga ngati muyeso uli ndi mbali, ndipo adzatengera chimene achiona koposa chimene achimva.

Pomaliza, pophunzitsa za tsiku la 3 Malichi musalekeze pa maina ndi ziwerengero. Auzeni ana kuti pa tsikulo anthu a dziko lino anafa, ndipo tsiku lomwelo dziko lapansi linauzidwa kuti iwo ndiwo anali akupha. Auzeninso kuti mbiri imeneyo inagwa patapita miyezi yosakwana isanu, osati chifukwa cha kufuula kwa mbali ina, koma chifukwa anthu anayi anakhala pansi nafunsa mboni imodziimodzi kuti, "Kodi munalipo?" Funso limenelo mwana wa Sitandade 5 angathe kulifunsa, ngati mphunzitsi wake anamphunzitsa kulifunsa.